Momwe Gulu la Zisudzo Lingasandutsire Mlandu Weniweni Kukhala Sewero la pa Kanema

Achinyamata ambiri a m'magulu a zisudzo kuno ku Nkhotakota, kuyambira pa boma mpaka ku Dwangwa, ngakhalenso anzathu a ku Salima, ayamba kutopa ndi masewero a chikondi ndi a apongozi okangana, ndipo maso awo tsopano ali pa nkhani zomwe zinachitikadi, monga kubedwa kwa ndalama za boma, kuphedwa kwa anthu odziwika ndi milandu yomwe inagwedeza dziko. Chilakolakochi n'chomveka, chifukwa nkhani yoona imakoka anthu kuposa yopeka, ndipo masiku ano foni yabwino imodzi ndi kompyuta yolumikizira zithunzi zikukwanira kutulutsa sewero loti n'kuonetsedwa pa wailesi ya kanema kapena pa YouTube. Mphamvu ya masewero oterewa inaonekera poyera ku Britain mu Januwale 2024, pomwe wailesi ya kanema ya ITV inaonetsa sewero lotchedwa Mr Bates vs The Post Office, lonena za oyendetsa mapositi ofesi oposa 900 omwe anazengedwa milandu yosowetsa ndalama pakati pa 1999 ndi 2015, chonsecho vuto linali mu pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Horizon. Atolankhani anali atalemba za nkhaniyi kwa zaka zambiri, koma sewerolo litangoonetsedwa anthu anakwiya kwambiri, ndipo pofika mu Meyi chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya dzikolo inali itakhazikitsa lamulo lofafaniza zigamulo za milanduyo.

Mphamvu yomweyi ikhoza kuononga munthu wosalakwa, chifukwa woonera akaona wosewera akuba kapena akulamula kuti wina aphedwe, amakhulupirira zomwe waonazo kuposa chigamulo cha khoti chomwe sadzachiwerenga n'komwe. N'chifukwa chake malangizo onse ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodzi, yoti chilichonse choipa chomwe sewero lanu likunena za munthu weniweni chiyenera kukhala ndi pepala kapena mboni kumbuyo kwake, ndipo zomwe mwapeka nokha zisaloze munthu chala.

Gawo loyamba: sankhani mlandu womwe khoti linamaliza

Musathamangire nkhani yomwe idakali m'khoti, ngakhale itatentha chotani pa Facebook. Malamulo aakulu a dziko lino amati munthu woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, choncho sewero loonetsa munthu akupalamula mlandu womwe woweruza sanagamule likhoza kutengedwa ngati kunyoza khoti, kuonjezera pa kuipitsa mbiri ya munthuyo. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo kwa wolemba sewero mwambiwu ndi wotonthoza mtima, pakuti nkhani yabwino idzakhalapobe chigamulo chikadzaperekedwa ndi apilo ikadzamvedwa.

Milandu yotha kale tili nayo yambiri. Wosavuta kuyambirapo ndi wa chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, womwe a Lazarus Chakwera ndi a Saulos Chilima anapititsa kukhoti, chifukwa unkaulutsidwa pa wailesi tsiku ndi tsiku, ndipo oweruza 5 atathetsa zotsatira za chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020, analemba zifukwa zawo mwatsatanetsatane, kuphatikizapo nkhani yofufuta manambala ndi Tipp-Ex. Ulipo wa a Orton ndi mayi Vera Chirwa, omwe anagwidwa mu Disembala 1981, n'kuzengedwa mlandu woukira boma m'khoti la mafumu ku Blantyre, momwe maloya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anamwalirira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo mayi Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993.

Mlandu womwe umaphunzitsa bwino malire a wolemba ndi wa ku Mwanza. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa nyumba ya malamulo a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo boma la nthawiyo linati inali ngozi ya galimoto. Boma latsopano litalowa mu 1994 linakhazikitsa komiti yofufuza, yomwe inapeza kuti anthuwa anachita kuphedwa ndi apolisi. Mu 1995 Dr Hastings Kamuzu Banda, a John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu wokonza chiwembucho, koma mu Disembala chaka chomwecho khoti linawapeza osalakwa. Sewero lanu likhoza kuonetsa kuti anthu anayiwa anaphedwa, likhoza kuonetsa mantha omwe anakuta mabanja awo, likhoza kuonetsanso mlandu wonsewo ndi zomwe mboni zinanena, koma silingaike m'kamwa mwa munthu yemwe khoti linamumasula mawu olamula kuti anzake aphedwe, ngakhale anthu atamanena zotani pa bawo.

Nkhani za kwathu konkuno, monga kusowa kwa ndalama za gulu la alimi kapena imfa yomwe inachitika pa dooko, zimaoneka zazing'ono koma ndizo zovuta koposa, chifukwa okhudzidwawo mumakumana nawo kumsika, kumzikiti, kutchalitchi ndi kumaliro. Gulu lomwe likungoyamba kumene lingachite bwino kuzisiya kaye.

Gawo lachiwiri: sonkhanitsani mapepala musanalembe mzere ndi umodzi womwe

Pepala lofunika koposa ndi chigamulo cha khoti. Zigamulo zambiri za khoti lalikulu ndi khoti la apilo zimapezeka mwaulere pa intaneti pa tsamba la MalawiLII, ndipo zomwe palibe mungakazifunse ku ofesi yosunga mafailo ya khoti lomwe linaweruza mlanduwo. Nkhani zakale zifunika ulendo wa ku Zomba, komwe kuli National Archives of Malawi, malo osungirako zikalata za boma ndi nyuzipepala zakale. Onaninso zomwe The Nation, The Daily Times ndi Malawi News zinkalemba m'masiku a mlanduwo, malipoti a makomiti ofufuza, ndi Hansard, buku losunga zomwe aphungu analankhula m'nyumba ya malamulo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, kotero mukamapempha chikalata, lembani kalata ndi kusunga kope lake, m'malo mongopempha pakamwa.

Zigamulo zimalembedwa m'Chingerezi cha maloya, chomwe chimavuta ngakhale kwa aphunzitsi. Pezani munthu wodziwa malamulo kuti akhale nanu tsiku limodzi kapena awiri n'kukufotokozerani kuti woweruza anavomereza ziti, anakana ziti, ndipo chifukwa chake chinali chiyani, pakuti chigamulo chimabwereza zonena za mbali zonse ziwiri chisanafike pa maganizo a woweruza, ndipo wowerenga mothamanga amatola zomwe boma linkanena n'kumayesa kuti ndizo khoti linapeza.

Mukatero gulani kope lalikulu ndi kuligawa patatu. Kumayambiriro lembani zomwe khoti kapena lipoti lovomerezeka linatsimikiza, ndipo pambali pa mfundo iliyonse lembani dzina la chikalata ndi tsamba lake. Pakati lembani zomwe mboni kapena nyuzipepala zinanena koma khoti silinazitsimikize. Kumapeto lembani mphekesera, zomwe munamva m'minibasi kapena pa WhatsApp. Za kumayambiriro mungazionetse zikuchitika. Za pakati mungazionetse pokhapokha ngati zikutuluka m'kamwa mwa mboni yomwe inazinena, pamalo pomwe inazinenera, ndipo mbali inayo ipatsidwe mpata woyankha monga zinalili m'khoti. Za kumapeto zikhale m'kopemo kuti zizikukumbutsani zomwe simuyenera kujambula. Ndinaonapo gulu lina likutaya masabata angapo likukonzekera chithunzi chomwe gwero lake lonse linali uthenga wa mawu womwe wapampando analandira pa foni kuchokera kwa mlamu wake, ndipo titafunsa kuti mlamuyo anazimva kwa yani, panalibe woyankha.

Gawo lachitatu: yalani zochitika motsatira masiku ake

Tengani chitsanzo cha Cashgate, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma, yomwe magulu ambiri amailakalaka. Pa 13 Seputembala 2013 a Paul Mphwiyo, omwe anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, anaomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Area 43 mu Lilongwe. M'masabata otsatira, ena ogwira ntchito m'boma anagwidwa ndi ndalama zankhaninkhani m'magalimoto ndi m'nyumba zawo. Mu Okutobala pulezidenti Joyce Banda anachotsa nduna zawo zonse, ndipo maiko omwe ankathandiza bajeti ya dziko lino anaimitsa thandizo lawo. Lipoti la kampani ya Baker Tilly lomwe linatuluka mu Febuluwale 2014 linati ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013. Mayi Treza Senzani, omwe anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 3 mu 2014. A Oswald Lutepo anapatsidwa zaka 11 mu 2015. Ndipo a Ralph Kasambara, omwe anakhalapo nduna ya zamalamulo, anapatsidwa zaka 13 mu 2016 pa mlandu wokonza chiwembu chofuna kupha a Mphwiyo, kenako anatulutsidwa pa belo mu 2018 podikira apilo.

Mukayala chonchi mudzaona zinthu ziwiri. Choyamba, Cashgate si mlandu umodzi koma milandu yambiri, ina yotha ndi ina yomwe inatenga zaka, ndipo a Mphwiyo omwe anaomberedwa aja anadzaimbidwanso mlandu wokhudza ndalama za boma, choncho muyenera kusankha mlandu umodzi kapena iwiri yomwe inafika pamapeto ndi kusiya inayo. Chachiwiri, mudzamvetsa momwe kubako kunkachitikira, komwe ndi mtima wa sewero lonse: makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse ankalipidwa kudzera mu pulogalamu ya kompyuta yolipirira ya boma yotchedwa IFMIS, kenako zolembedwazo zinkafufutidwa. Woonera wa ku Benga kapena ku Mwansambo akamvetsa njira imeneyi waphunzira kanthu, pomwe mukangomuonetsa anthu akuvina ndi ndalama m'malo omwera mowa wangoseka basi.

Mukhoza kufupikitsa nthawi, pakuti palibe woonera angapirire mlandu wa zaka zitatu tsiku ndi tsiku, koma musasinthe kuti chinayamba n'chiti ndi chinatsatira n'chiti, chifukwa mukaika msonkhano wa anthu awiri tsiku loti mawa lake wina aomberedwa, pomwe unachitika miyezi ingapo m'mbuyo, mwauza woonera kuti msonkhanowo ndiwo unakonza chiwembu.

Gawo lachinayi: kaonaneni ndi eni nkhani

Lamulo silikukakamizani nthawi zonse kupempha chilolezo kwa banja la womwalira kuti muonetse nkhani yomwe inakambidwa poyera m'khoti, koma ulemu wa kwathu kuno ukukukakamizani. Mu 2022 kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti ya Netflix inatulutsa sewero lonena za Jeffrey Dahmer, yemwe anapha anthu 17 ku America, ndipo ena mwa abale a ophedwawo anadandaula poyera kuti sanafunsidwe ndipo sewerolo linatukula mabala omwe anali atayamba kupola. Kuno zoterezi zikhoza kufika poipa kwambiri, chifukwa maliro ndi nkhani ya mudzi wonse.

Musapite ndi kamera pa ulendo woyamba. Dzerani kwa mfumu ya m'mudzimo kapena kwa mwinimbumba, monga momwe munthu amachitira akabwera ndi nkhani yaikulu, ndipo pitani anthu awiri kapena atatu, mmodzi mwa iwo akhale wachikulire. Fotokozani zomwe mukufuna kupanga, komwe zidzaonetsedwe, zomwe mudzaonetse ndi zomwe simudzaonetsa, ndipo musalonjeze ndalama zomwe mulibe kapena kulonjeza kuti sewerolo lidzatsegulitsanso mlandu. Akapempha nthawi yoti akambirane, apatseni, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Akavomera kulankhula nanu, mgwirizanowo ulembedwe m'Chichewa, uwerengedwe mokweza, ndipo asainire kapena kudinda chala pamaso pa mboni. Akakana, ganizirani mofatsa ngati nkhaniyo ingaimebe popanda kulowa m'nyumba mwawo.

Yeseraninso kumva mbali ya wopezeka wolakwa kapena abale ake, chifukwa nawonso ali ndi ana omwe amapita kusukulu ndi dzina lomwelo.

Pali anthu ena omwe simuyenera kuwaulula mwa njira iliyonse. Mwana wosakwana zaka 18 yemwe anakhudzidwa ndi mlandu, kaya ngati wolakwiridwa, mboni kapena wopalamula, amatetezedwa ndi malamulo osamalira ndi kuteteza ana, ndipo munthu wogwiriridwa asadziwike ndi dzina, mudzi, sukulu kapena ntchito ya makolo ake. Pa milandu ya kuphedwa kwa anthu achialubino, samalani kuti sewero lisabwereze bodza loti ziwalo zawo zimabweretsa chuma ngati kuti lili ndi choonadi, ndipo funsani bungwe lawo la APAM kuti liwerenge zomwe mwalemba musanajambule.

Gawo lachisanu: sankhani munthu woti woonera ayende naye

Sewero si lipoti, ndipo limafuna munthu mmodzi yemwe woonera angamumvere chisoni kapena kumuopera. Njira yotetezeka, yomwenso nthawi zambiri imatulutsa sewero labwino, ndi kupeka munthu wamba yemwe moyo wake unakhudzidwa ndi mlanduwo, monga namwino wa pachipatala cha kumudzi yemwe akusowa mankhwala opatsa odwala m'miyezi yomwe thandizo la maiko akunja linaima, kalaliki wamng'ono yemwe waona cheke chokayikitsa ndipo akuopa kutaya ntchito, kapena womasulira wa m'khoti yemwe mawu onse a mboni amadzera m'kamwa mwake. Munthu wopekayu mungamupatse mkazi, ngongole, mkwiyo ndi misozi momwe mungafunire, pomwe anthu enieni aja akuonekera patali, akulankhula zokhazo zomwe zinalembedwa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: lembani mawu, ndipo dziwani pomwe kupeka kumathera

Palibe yemwe anajambula zomwe anthu ankakambirana kuchipinda kapena m'galimoto, choncho kupeka sikungapeweke. Mungapeke kuti nduna inadya chambo, inadwala mutu, inakangana ndi dalaivala chifukwa chochedwa. Simungapeke kuti inalandira chiphuphu, inaopseza mboni kapena inali ndi chibwenzi chamseri, pokhapokha zili m'gawo loyamba la kope lanu lija. Pa chithunzi chilichonse chomwe muli munthu weniweni, dzifunseni kuti mwini wake atakuimitsani pamaso pa woweruza n'kufunsa komwe munazitenga, mungatulutse pepala liti.

Ngakhale makampani akuluakulu amagwa m'mbuna imeneyi. Mu 2019 Netflix inatulutsa sewero lonena za anyamata 5 a ku New York omwe anamangidwa mu 1989 pa mlandu wogwirira mayi wina ku Central Park, n'kudzapezeka mu 2002 kuti sanalakwe. Nkhani ya anyamatawo inali yoona, koma mayi Linda Fairstein, omwe ankatsogolera nthambi yozenga milandu yotere, anasuma mu 2020 ponena kuti sewerolo linawapatsa mawu ndi zochita zomwe sizinali zawo. Nkhaniyo inatha mu Juni 2024 mwa kugwirizana kunja kwa khoti. Mayiwo sanalandire ndalama, koma Netflix inavomera kusamutsira kumayambiriro kwa sewero chidziwitso choti zina mwa zochitikazo n'zopeka, ndi kupereka 1 miliyoni ya madola ku bungwe la Innocence Project, lomwe limathandiza anthu omwe anamangidwa asanalakwe. Kampani yotero inatha kulipira maloya zaka zinayi, zomwe gulu la zisudzo la ku Nkhotakota silingakwanitse ngakhale mwezi umodzi.

Ambiri amaganiza kuti kusintha dzina kumathetsa zonse, koma si choncho. Mukanena za mphunzitsi wamkulu wopunduka mwendo yemwe ankayenda pa njinga yamoto yofiira pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja ya Chia, anthu onse a kumeneko amudziwa ngakhale mutamutcha dzina lina, ndipo khoti limayang'ana ngati anthu omudziwa angamuzindikire. Ngati mwasankha kubisa munthu, sinthani dzina, ntchito, boma lochokera, msinkhu ndi maonekedwe. Mu Julayi 2025 khoti linagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, lomwe linkalola kuti munthu azengedwe mlandu ndi boma chifukwa choipitsa mbiri ya wina, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino, koma chigamulochi sichinachotse ufulu wa munthu wokusumirani yekha kuti mumulipire chipepeso. Choncho mukamaliza kulemba, loya awerenge zonse musanajambule, chifukwa kufufuta mzere pa pepala n'kotchipa kuposa kuitananso osewera 20 kuti mujambulenso.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kakhaleni m'khoti kuti muone momwe milandu imayendera

Masewero athu ambiri amalakwitsa pa khoti chifukwa olemba anaphunzira milandu m'mafilimu a ku America, momwe loya amayendayenda, kukalipa ndi kuloza mboni kumaso. Khoti la majisitireti pa boma la Nkhotakota kapena la Salima ndi lotseguka kwa aliyense pa milandu yambiri, choncho osewera anu apite akakhale kumbuyo masiku atatu kapena anayi, atavala mwaulemu, mafoni atazimitsa, osajambula kanthu. Adzaona kuti kumeneko woimira boma nthawi zambiri amakhala wapolisi, kuti oimbidwa milandu ambiri alibe loya, kuti majisitireti amalemba yekha zomwe mboni ikunena kotero kuti zonse zimayenda pang'onopang'ono, ndiponso kuti chilankhulo cha khoti ndi Chingerezi ndipo womasulira ndiye mlatho pakati pa woweruza ndi munthu wa kumudzi. Majisitireti amatchulidwa kuti Your Worship, pomwe jaji wa khoti lalikulu amatchulidwa kuti My Lord kapena My Lady, ndipo mawigi ndi mikanjo ndi za kukhoti lalikulu. Milandu yakupha imaweruzidwa ndi khoti lalikulu, osati majisitireti, ndipo munthu womangidwa amayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, mfundo yomwe ingakupatseni chithunzi chabwino cha m'chitokosi.

Womasulira uja musamuchotse poganiza kuti akuchedwetsa sewero. Kamphindi komwe mayi wa kumudzi wamva chigamulo m'Chingerezi, n'kumayang'ana nkhope ya womasulira kudikira kuti amve ngati mwana wake akupita kundende, n'kolemera kuposa kukalipa kulikonse kwa loya.

Gawo lachisanu ndi chitatu: jambulani mosamala

Musanatulutse kamera, dziwitsani mfumu ya dera, khonsolo ndi mkulu wa polisi ya pafupi mwa kalata, makamaka ngati padzakhala yunifolomu yofanana ndi ya apolisi, mfuti zoseweretsa kapena chithunzi cha munthu akuthamangitsidwa. Anthu odutsa sadziwa kuti ndi sewero, ndipo kukuwa koti wakuba pa msika kukhoza kuvulazitsa wosewera wanu anthu asanamve kufotokoza kwanu. Khoti, polisi ndi ofesi ya boma mungazikonze m'kalasi kapena m'holo mutapempha eni ake, ndipo chikwangwani cha sukulu kapena sitolo yeniyeni chisaoneke pa chithunzi cha upandu.

Samalani ndi zinthu za nthawi yomwe nkhaniyo inachitika, chifukwa achikulire amaziona msanga. Mu 1983 amayi sankaloledwa kuvala mathalauza kapena masiketi aafupi, abambo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, kunalibe mafoni a m'manja, ndipo dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake kufikira mu 1999, kotero anthu ankamvera nkhani pa wailesi ya MBC. Pa sewero la Cashgate, ndalama yaikulu inali ya K1,000, pakuti ya K2,000 inabwera mu 2016 ndipo ya K5,000 mu 2022. Musayerekeze kupanga fotokope ya ndalama, chifukwa umenewo ndi mlandu pawokha. Dulani mapepala, mangani mitolo, ndi kuika ndalama yeniyeni pamwamba pa mtolo uliwonse. Nkhani ikakhala ya mu 2011, kumbukirani kuti mbendera ya nthawi imeneyo inali ya dzuwa loyera lathunthu, yomwe inagwira ntchito kuyambira 2010 mpaka 2012.

Kuno kunyanja mdani wamkulu wa wojambula ndi mphepo ya mwera, yomwe imaomba kwambiri m'miyezi yozizira n'kumeza mawu onse, choncho zithunzi za panja jambulani m'mamawa, maikolofoni ikhale pafupi ndi wolankhula ndipo ikutidwe, ndipo jenereta ikhale kutali. Woonera amakhululuka chithunzi chosaoneka bwino koma sapirira mawu osamveka, makamaka pa sewero la mlandu lomwe mphamvu yake yonse ili m'zolankhula. Za kupha kwenikweniko, onetsani zochepa: chitseko chotsekedwa, nsapato yotsala pamsewu kapena nkhope ya wobweretsa uthenga zimakwanira, ndipo mwana wa womwalirayo tsiku lina adzaonera sewero lanulo.

Gawo lomaliza: lumikizani, pezani zilolezo, onetsani

Polumikiza zithunzi, bwererani ku kope lija ndi kuyesa chithunzi chilichonse kachiwiri, chifukwa nyimbo yoopsa kapena kamera yokhalitsa pa nkhope ya munthu zimatha kumuweruza ngakhale mawu ake ali osalakwa. Nyimbo za oimba ena musazigwiritse ntchito popanda chilolezo. Funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso, kapena pemphani woimba wa kwanu konko kuti akupekereni zanuzanu mutagwirizana polemba. Filimu yoonetsedwa kwa anthu imayenera kuunikidwa ndi Censorship Board, yomwe imanenanso msinkhu wa oyenera kuonera, ndipo wailesi ya kanema yomwe mwaipititsira, kaya ndi MBC, Times, Zodiak kapena ina, idzaunikanso payokha chifukwa imayankha ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, pa zomwe yaulutsa.

Chidziwitso choti sewerolo lachokera pa nkhani yoona koma anthu ena ndi zokambirana zina n'zopeka chiikidwe kumayambiriro kwa gawo lililonse, cholembedwa m'Chichewa ndi kuwerengedwanso mokweza kuti osadziwa kuwerenga amve. Musalembe kuti zonse ndi zoona ngati mwapekamo kanthu. Kumapeto lembani momwe mlandu wa munthu weniweni aliyense unathera, chaka cha chigamulo, chilango, apilo ngati inalipo, ndipo yemwe anapezeka wosalakwa atchulidwe momveka kuti anapezeka wosalakwa.

Musanaonetse kwa anthu onse, itanani mabanja omwe munalankhula nawo kuti aonere paokha, pamalo achete, ndipo akakuuzani kuti mwalakwitsa tsiku, dzina la mudzi kapena chibale, konzani. Akapempha kuti muchotse mfundo yomwe khoti linatsimikiza, mungakane mwaulemu ndi kuwaonetsa tsamba la chigamulo. Sewero likatuluka, kope lija, makalata a zilolezo, mapepala osainidwa ndi zithunzi zonse zomwe simunagwiritse ntchito zisungidwe ndi mlembi wa gulu pamalo osafika madzi ndi chiswe, ndipo wina akabwera ndi dandaulo lomwe lili ndi umboni, chotsani kaye gawolo pa intaneti, funsani loya, konzani cholakwikacho, kenako mulibwezere ndi chidziwitso chonena chomwe mwasintha ndi tsiku lomwe mwasinthira.